Nyanja Yamchere M'kagalasi: Zinayamba Bwanji, Nanga Zikukhudza Pati Mbuna Zathu?

Anzanga a m'mphepete mwa nyanja, ndabweranso ndi zazitali zija. Amene bandulo yake ili kumapeto asade nkhawa, muno mulibe vidiyo, ndi malemba okhaokha. Pezani pamthunzi, muwerenge modekha.

Mwina munaonapo pa TikTok kapena pa Facebook kathanki ka galasi kali patebulo m'nyumba mwa munthu. Kukula kwake madzi a zigubu ziwiri basi, pamwamba pali getsi labuluu, mkati tinsomba tiwiri taolenji tikuzungulira, ndiye pamiyala pali zinthu zooneka ngati maluwa, zobiriwira, zofiira, zapepo, zikugwedezeka ngati udzu pa mwera. Ambiri timangoti ndi mapulasitiki a ku China. Ayi ndithu. Zimenezo ndi nyama zamoyo, dzina lake makorali, ndipo kwawo ndi kunyanja yamchere. Yapafupi ndi ife ndi ija ya ku Nacala ndi ku Pemba, ku Mozambique. Munthu amene wakwanitsa kuzisunga zamoyo patebulo wachita chinthu chimene chinakanika akatswiri kwa zaka zoposa 100.

Korali mmodzi ndi kanyama kofewa ngati kathumba, kokhala ndi kamwa pamwamba ndi timanja tozungulira kamwapo. Timakhala tambirimbiri pamodzi, ndipo ta mtundu wolimba timatenga laimu m'madzi n'kumanga chigoba pansi pake. Zigoba zimenezo zikaunjikana kwa zaka masauzande ndiye matanthwe aja mumamva kuti amang'amba sitima. Koma chodabwitsa chili m'thupi mwake. Muli tindere tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawira korali uja. Iye amapereka nyumba, ndere imalipira lendi ya chakudya. Madzi akatentha mopitirira, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali amathamangitsa alendi akewo, amayera mbee, kenako njala imamupha. Zinachitika m'nyanja zambiri mu 1998, zinabwerezanso mu 2016. Ndiye ganizirani nyama yosachedwa kukhumudwa chonchi, munthu n'kuiika m'madzi a malita 40.

Ena mwa oyamba kuyesa anali azimayi, ndipo izi anthu ambiri sazitchula. Jeanne Villepreux-Power anali mwana wa wosoka nsapato wa ku France, iyenso telala wa madiresi. Atakwatiwa anakakhala ku Messina, pachilumba cha Sicily. Kumeneko kunali mkangano wa kalekale pa kanyama kena ka m'gulu la octopus kotchedwa argonaut, kuti kodi chigoba chake kamapanga kokha kapena kamatola cha ena. Mu 1832 mayiyu anapanga mabokosi a galasi ndi zikwere zoviika m'nyanja, anaweta tinyamato kuyambira tili tating'ono, n'kuona ndi maso ake kuti chigoba timapanga tokha. Umboni wake ndiwo unadzathetsa mkanganowo, ndipo thanki ya galasi yoonera za m'madzi inabadwa choncho.

Wachiwiri ndi Anna Thynne, mkazi wa wachiwiri kwa m'busa wamkulu wa ku Westminster Abbey ku London. Mu 1846 anapita ndi ana ake kunyanja ku Torquay, anakapeza timakorali tating'ono ta m'madzi ozizira a kumeneko, ndipo anabwera nato ku London. Poyamba madzi a m'nyanja ankachita kuitanitsa, kumasinthira. Ataona kuti ndi chintchito, anayesa zina: madzi omwewo azithiridwa uku ndi uku, kuchoka m'chotengera china kupita m'china, pafupi ndi windo lotsegula, kuti alowe mpweya. Zinatheka. Kenako anaikamo zomera za m'nyanja, ndipo tinyamato tinakhala moyo zaka zitatu, mpaka kuswana. Koma wothira madzi uja sanali adona. Anali mtsikana wantchito, tsiku ndi tsiku, mikono ikuwawa. Pampu yoyamba ya thanki yamchere inali munthu wolembedwa ganyu. Ife timazidziwa zimenezi: usipa ukachuluka amatchuka ndi mwini chilimira, alovi okoka chingwe usiku wonse mayina awo samveka.

Kuchoka apo zinthu zinathamanga. Boma la Britain linali litachotsa msonkho wa galasi mu 1845, ndiye galasi linatchipa. Mu 1850 katswiri wa mankhwala Robert Warington analongosola kuti ukaika nsomba, zomera ndi nkhono pamodzi, zomera zimapereka mpweya, nkhono zimadya ndere ndi zoola, madzi osawasintha. Mu 1853 kumalo osungira nyama a London Zoo anatsegula nyumba ya nsomba yoti aliyense akaone, yoyamba ya mtundu wake. Chaka chotsatira, Philip Henry Gosse anatulutsa buku lotchedwa The Aquarium la zithunzi zamitundu, ndipo ndi iye anatchukitsa dzina lakuti aquarium. Anafalitsanso njira yosakaniza michere kuti upange wekha madzi a m'nyanja uli kutali ndi gombe. Mabanja opeza bwino onse anafuna kathanki pabalaza, masitolo ogulitsa tinyama ta m'nyanja ndi madzi ake anatsegulidwa.

Taonani zaka zimenezi bwinobwino. David Livingstone anafika pa nyanja yathu ino mu 1859, ndiye kuti pamene azungu a ku London ankapenga ndi nyanja ya m'galasi, za chambo anali asanamvepo. Nsomba zathu zoyamba kufika kumeneko anatenga ndi John Kirk, mnzake wa Livingstone, ndipo zinapita zouma, zikopa zokhazokha. Albert Günther wa ku British Museum anazilemba m'mabuku a sayansi mu 1864. Panalibe amene ankalota kuti tsiku lina zidzakwera ndege zamoyo.

Chipwirikiti cha ku London chija sichinakhalitse. Anthu ankagula lero, mawa zafa, madzi anunkha, kathanki kakaponyedwa kuseri. Chinatsala ndi chipsera kugombe. Mwana wa Gosse yemwe, Edmund, analemba mu 1907 m'buku lake la Father and Son kuti timaiwe ta m'miyala timene iye ndi bambo ake ankatolamo tinyama tinali titakokoledwa ndi otola malonda, ndipo anavomereza kuti mabuku a bambo ake ndiwo anaitana khamulo. Munthu analemba chifukwa chokonda, okonda anachuluka, chokondedwacho chinatha. Musaiwale mfundo imeneyi, tikumana nayonso ku Chizumulu.

Panali kamodzi kokha kamene kanapirira modabwitsa. Mu 1828 Sir John Dalyell wa ku Scotland anatola kanyama kofewa kotchedwa anemone, m'bale wake wa korali, pamiyala ya ku North Berwick. Anakaika m'botolo, kumakasinthira madzi, kumakapatsa kanyama ka nkhono mwa apo ndi apo. Dalyell anamwalira, kanyamako kanapita m'manja mwa wina, uyonso anamwalira, kanapitanso kwina. Anthu anakapatsa dzina lakuti Granny, kunena kuti agogo. Kanafa mu 1887 ku Edinburgh katakhala m'botolo zaka pafupifupi 60, katabereka ana mazanamazana. Palibe injini imene ndinagwirapo yoti ingafike theka la zaka zimenezo.

Zaka zambiri zotsatira ndingozidumpha, chifukwa nkhani yake ndi imodzi: nsomba zamchere ena ankazikwanitsa, makorali a m'madzi otentha ankafa. Mpaka cha m'ma 1960, thanki yamchere inali nsomba zingapo ndi zigoba za makorali akufa, zoviikidwa mu jiki kuti ziyere. Anthu ankakhulupirira kuti ukhondo ndiwo mankhwala, ndiye ankachapa chilichonse. Pomwepo ndi pamene ankaphera. Nsomba imatulutsa ammonia, poizoni kwa iyo yomwe. M'nyanja muli mabakiteriya amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, imene ilibe ukali kwambiri. Mabakiteriyawo amakhala pamiyala ndi mumchenga. Ukakwecha zonse mbee, wachotsa antchito ako omwe. N'chifukwa chake mpaka lero thanki yatsopano imayenda masabata angapo yopanda nsomba, kudikira kuti tizilombo tabwinoto tichuluke. Zili ngati injini yatsopano, sungaithamangitse fulu tsiku loyamba.

Amene anatembenuza maganizo sanali pulofesa wa ku Ulaya. Anali Lee Chin Eng, wa ku Jakarta, Indonesia. Mu 1961 analemba m'magazini ya Tropical Fish Hobbyist za matanki ake: madzi enieni a m'nyanja, miyala yotengedwa m'nyanja ndi zamoyo zake zonse osaichapa, kuwala kwa dzuwa, ndi kapampu kamodzi kophulitsa thovu la mpweya. Basi. Zithunzi zake zinaonetsa makorali amoyo, ndipo ambiri a ku America ndi ku Ulaya anakayikira, ena atayesa n'kulephera anati ndi bodza. Chimene ankaiwala n'chakuti mkuluyu nyanja inali pakhomo pake ndipo dzuwa linali la ku Jakarta. Koma mwala wamoyo uja, umene lero amati live rock, unakhala maziko a zonse zimene zinabwera pambuyo.

Anamaliza ntchito ndi anthu a ku Germany, makamaka kagulu ka okonda nsomba ka ku Berlin, mzinda wa kutali ndi matanthwe a korali kuposa mmene Lilongwe alili. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anaphatikiza zinthu zingapo, ndipo mpaka pano njirayo imatchedwa ya Berlin. Anatenga mwala wamoyo wa Eng. Anawonjezera magetsi amphamvu kwambiri kuti ndere za m'thupi mwa korali zidye. Anaika mapampu okankha madzi ngati mafunde, poti korali sayenda, chakudya chimayenera kumupeza ndipo zonyansa zimayenera kumuchoka. Kenako kachipangizo kotchedwa skimmer, kamene ine ndimakakonda kuposa zonse chifukwa nzeru yake timaiona pagombe. Mwera ukawomba masiku awiri, mumaona thovu lakuda limene mafunde amasiya pamchenga? Zonyansa za m'madzi zimamatirira ku thovu. Skimmer ndi paipi yoimirira yophulitsiramo timathovu tambirimbiri, thovulo limakwera ndi litsiro n'kugwera m'kakapu, iwe n'kukataya. M'madzi amchere zimagwira bwino kwambiri chifukwa timathovu timakhala tating'ono ndipo sitiphulika msanga. Chomaliza chinali laimu. Peter Wilkens, amene analemba mabuku a nkhaniyi m'Chijeremani, anaphunzitsa anthu kuthira madzi a laimu pang'onopang'ono, kubwezera chimene makorali achotsa pomanga zigoba.

Ku Berlin komweko, m'zaka za m'ma 1980, m'thanki ya Dietrich Stüber munamera korali wa nthambi wa mtundu wa Acropora, umene aliyense ankati sungakhale m'galasi. Unakula mpaka kumafuna kudulira. Zidutswa zake anagawira anzake, anzakewo anagawiranso ena, ndipo mpaka lero pali anthu m'maiko osiyanasiyana amene akusunga korali yemweyo ndi dzina la Stüber. Korali amabzalidwa ngati chinangwa: ukathyola kanthambi n'kukamata pamwala, kamaphuka.

Tsopano tifike pa kathanki kakang'ono kaja, kamene eni ake amati nano. Kanafala ndi thandizo la magetsi a LED, owala kwambiri koma osatenthetsa madzi, ndi timapampu tating'ono tosadya magetsi. Munthu angaganize kuti kakang'ono ndiye kosavuta. N'zosiyana. Ndikuuzeni ngati makaniko. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere magalamu 35, ndiye chigubu cha malita 20 chimafuna magalamu 700. Si mchere wa kukhitchini, ndi wosakaniza ndi calcium, magnesium ndi zina, wogula m'mapaketi. Madzi akamauma ndi kutentha, mchere suuluka, umatsala. Pa malita 40, lita imodzi ikauma mchere wakwera kale moti nyama zikumva. Ndiye tsiku lililonse umawonjezera madzi opanda mchere, osefedwa bwino, osati a pampopi kapena a pachitsime. Kutentha kuzikhala pa madigiri 24 mpaka 26. Kuno mu Okutobala m'nyumba ya malata, madzi amenewo angakhale tiyi. Kansomba kamodzi kakafera kuseri kwa mwala, m'thanki yaikulu sizidziwika, koma m'kakang'ono m'mawa upeza zonse zagona.

Palinso za zitsulo. Amene anagwirapo injini yochokera ku Beira kapena ku Nacala akudziwa mmene mchere umadyera: mabawuti ogwirana osamasuka, njira za madzi zotsekeka ndi zoyera ngati ufa, anodi itatha ngati sopo. Ife kuno injini imakalamba ndi mchenga ndi oilo wachinyengo, kumeneko imadyedwa ili chiimire. M'thanki yamchere simulowa chitsulo wamba. Choopsa kwambiri ndi kopa. Kajoini kamodzi ka brass pa paipi kangathe kupha makorali onse, ndipo n'chifukwa chake penti yopaka pansi pa sitima za kunyanja yamchere amaikamo kopa, kuti zamoyo zisamere. Pomaliza magetsi. Pampu ikaima maola ochepa mpweya umatha m'madzi. Ndi kuthimathima kwathu kuno, ofuna zimenezi ayambe wagula sola, batire ndi inveta, nsomba pambuyo.

Nanga nsombazo zimachokera kuti? Apa ndi pamene nkhani imasiya kukoma. Nsomba za m'madzi opanda mchere zogulitsidwa m'masitolo, zambiri ndi zoweta. Zamchere mitundu yambiri imagwidwabe m'nyanja, makamaka ku Philippines ndi ku Indonesia, kwinanso ngati ku Sri Lanka ndi ku Kenya. Kugwira kansomba kamoyo pakati pa nthambi za korali n'kovuta, ndiye kuyambira m'ma 1960 ku Philippines kunabwera njira yachidule: cyanide wosungunula m'botolo lapulasitiki. Munthu amamira, amafinyira m'phanga, nsomba zimaledzera n'kutuluka zokha. Ndi katupe yemweyo, koma wa kufakitale. Zina zimafera pomwepo, zina zimafa panjira, zina zimafika kusitolo zikuoneka bwino n'kukafera kwa wogula. Korali wothiridwa poizoniyo amayera n'kufa. Malamulo analetsa, mabungwe anaphunzitsa asodzi kugwira ndi timaukonde, koma mchitidwewu sunatheretu, chifukwa wogula pagombe amawerenga mitu ya nsomba, safunsa kuti wagwira bwanji.

Omirawo ndi anyamata ngati ife. Ambiri alibe masilinda, amapumira paipi yaitali yochokera ku kompuresa ili m'boti, nthawi zina kompuresa yopopera matayala. Ine ndikaona makina otero mtima umandiwawa, chifukwa polowera mpweya pakayandikana ndi ekizozi, munthu ali pansi uja akupuma utsi wa injini ndi nthunzi ya oilo. Injini ikazima amathamangira pamwamba, ndipo kukwera mofulumira kuchoka pakuya kumachititsa mpweya wa m'magazi kuchita thovu ngati Fanta wotsegula mwadzidzidzi. Ena amapuwala miyendo, ena amafa. Bambo anga sanawerengepo za zimenezi, koma amadziwa kuti nsomba yokokedwa msanga kuchoka pakuya imafika mimba itatupa, matumbo ali kukamwa. Thupi la munthu nalonso silikonda kuthamangitsidwa choncho. Pa ndalama imene kansombako kamagulidwa ku London kapena ku New York, womira uja amalandira kachigawo kochepetsetsa, zambiri zimathera kwa apakati, ndege ndi sitolo.

Filimu ya Finding Nemo itatuluka mu 2003, kansomba kaolenji ka mizere yoyera kaja kanadziwika ndi mwana aliyense. Mwayi wake n'ngwakuti clownfish anthu anali ataphunzira kale kuiweta kuyambira m'ma 1970, poti imaikira mazira pamwala n'kumawalondera. Zovuta ndi zimene ana ake amayandama m'nyanja masabata ambiri ali ngati fumbi. Yachikasu ija yotchedwa yellow tang anakwanitsa kuiweta ku Hawaii mu 2015, ndipo yabuluu ija ya m'filimu, Dory, ku Florida mu 2016. Makorali nawo ambiri tsopano ndi obzala. Dziko la Indonesia linaimitsa kutumiza makorali kunja mu 2018, ndipo potsegulanso mu 2020 linalola olimidwa m'minda ya m'nyanja.

Koma pali kansomba kamodzi kamene nkhani yake inandikhudza ngati ya kwathu. Dzina lake Banggai cardinalfish, kasiliva ka mizere yakuda ndi timadontho toyera, kopezeka pa tizilumba ta Banggai ku Indonesia. Kamafungatira mazira m'kamwa ngati chambo, kusiyana kwake n'kwakuti kwa iko wofungatira ndi bambo, pamene kwa chambo ndi mbuna ndi mayi. Mazira ake ndi ochepa, ndipo ana akatuluka m'kamwa sapita kutali, amakhazikika pomwepo. Asayansi anakalemba mu 1933 n'kukaiwala. Katadziwikanso pakati pa zaka za m'ma 1990, msika unakalusira, ndipo pofika 2007 kanali kalowa m'ndandanda wa nyama zimene zili pangozi yotha. Zaka khumi ndi pang'ono basi. Amalonda anakatayanso m'malo ena ngati ku Lembeh, kumene sikanali kwawo, ndipo kanaswana kumeneko.

Zothawa m'matanki zavutitsa kwina koposa apo. Nsomba yaminga yaululu yotchedwa lionfish, ya ku nyanja za Indian ndi Pacific, inaoneka koyamba ku Florida mu 1985, ndipo lero yadzaza nyanja ya Caribbean, ikumeza ana a nsomba za eni dera. Chomera china cha m'matanki, Caulerpa, chinapezeka m'nyanja ku Monaco mu 1984 n'kufalikira m'magombe a Mediterranean.

Mwina mukuti, aise, zonsezi ndi za kutali, ife nyanja yathu ilibe mchere. Tamverani. M'sitolo iliyonse yaikulu ya nsomba zoweta, ku Germany, ku Japan, ku America, ku Joni, mukapeza matanki olembedwa kuti Malawi, ndipo mawu akuti mbuna, ochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, azungu amawatchula tsiku ndi tsiku. Utaka nawonso amautchula choncho. Mbuna zinatchuka chifukwa zili ndi mitundu yowala ngati nsomba za pa korali koma sizifuna mchere, skimmer kapena laimu. Kwa munthu amene thumba lake silifika pa thanki yamchere, nyanja yathu ndiye inali yankho. Zinayamba kutumizidwa kunja m'zaka za m'ma 1960, ndipo kuyambira m'ma 1970 dzina lodziwika pa malondawa linali la Stuart Grant wa ku Kambiri Point, ku Senga Bay, amene anamwalira mu 2007. Nsomba zimene ana amawedza ndi kambedza pamiyala, akuluakulu n'kumati n'zosakoma, zinakhala katundu wa pandege.

Mbuna khalidwe lake ndi la Banggai uja. Imafungatira ana ochepa m'kamwa, ndipo sichoka pamiyala yake. Mchenga wautali kapena madzi akuya kwa iyo ndi mpanda. N'chifukwa chake chilumba chilichonse, nthawi zina mulu umodzi wa miyala, uli ndi mtundu wakewake umene sungaupeze kwina kulikonse padziko. Ubwino wake ndi womwewo, ngozi yake ndi yomweyo. Kale ogwira nsombazi ankabwera nazo kuchokera kumpoto, ku Likoma ndi kwina, ndipo zina zinatayidwa pa Thumbi West ku Cape Maclear. Zinakhazikika, zinaswana, zikulimbirana malo ndi eni miyala, zina mpaka kukwatirana nazo. Alendo amene timawaperekeza pa boti kukaponya buledi pa Thumbi amajambula nsomba zina zimene agogo athu sanazionepo pamenepo. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuivomereza mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba timeneti, ndipo lamulo loletsa kuwedza mamita 100 kuchoka kumtunda wa paki linachokera pamenepo. Tikamakangana ndi a paki za malire, ndi bwino tizidziwa chimene akulondera.

Kuweta kuli ndi mbali ziwiri. Kuli mbuna yachikasu yotchedwa Labidochromis caeruleus. Geoffrey Fryer anailemba mu 1956 ku Nkhata Bay, koma yachikasu yeniyeniyo imapezeka cha ku Lion's Cove. Zochepa chabe zinatuluka m'nyanja, Pierre Brichard anakaziswetsa ku Burundi m'ma 1980, ndipo lero ili m'gulu la nsomba zogulitsidwa kwambiri padziko. Pafupifupi zonse n'zobadwira m'mafamu a kunja. Nyanja inapuma, zoona, palibe amene akusakaza Lion's Cove. Koma pa tinsomba tachikasu tonse tikugulitsidwa lero m'masitolo a dziko lapansi, kwacha yofika ku Nkhata Bay njosawerengeka. Mbewu ndi yathu, khola lili kwa ena. Ine maganizo anga ndi akuti ngati pali ntchito imene achinyamata a kunyanja tikanailimbirana, ndi ya kuweta m'matanki konkuno, poti madzi ake enieni tili nawo pakhomo ngati Lee Chin Eng, ndipo pampu ndi paipi timazidziwa kale.

Ina ndi ya ku Taiwanee Reef, miyala ya pansi pa madzi kufupi ndi Chizumulu. Pamenepo pokha, padziko lonse, pamakhala kambuna kakang'ono, kamphongo kabuluu ka mizere yakuda, kakakazi kachikasu. Ad Konings anakalemba mu 1990 n'kukapatsa dzina lakuti saulosi, polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi womira amene ankagwira ntchito yogwira nsombazi. Apa ndiye dzina la wokoka chingwe linalowa m'buku. Kuyambira 2016 dzina lake lonse ndi Chindongo saulosi, mawu onse awiri a konkuno. Kukongola kwa banja la mitundu iwiri m'thanki imodzi kunakopa ogula, ogwira anabwerera pamiyala ija kambirimbiri, ndipo magulu aakulu amene ankaoneka kale anatsala owerengeka. Lero kali m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu m'chilengedwe, pamene m'matanki a kunja tilipo tosawerengeka. M'zaka za m'ma 2010, anthu okonda nsombazi anasonkha ndalama, saulosi anaswetsedwa m'matanki ku Senga Bay, ndipo ana ake anatengedwa pa boti kukatsitsidwanso pa Taiwanee, pamiyala pomwe makolo awo anachotsedwa.

Achimwene ndi achemwali amene muli ku Joni, mukapeza mpata ku Durban kuli uShaka Marine World, ku Cape Town kuli Two Oceans Aquarium, mukaone nyanja yamchere m'galasi ndi maso anu. Mukalowanso m'sitolo ya nsomba zoweta, fufuzani thanki yolembedwa Malawi, muwerenge timapepala ta mayina tomatidwa pagalasi. Mukapeza saulosi mutijambulire, ndipo mufunse mtengo wake mutiuze pagulu pano.